Zilembo za slab serif: zonenepa, zowerengeka patali

Taganizirani chilembo chachikulu cha H cholembedwa motere. Kumapeto kwa mizere yake iwiri yoimirira kuli timizere topingasa, tonenepa pafupifupi mofanana ndi thupi la chilembocho, ngati njerwa zomwe chapondapo. Zilembo zotere ndi zomwe akatswiri a zosindikiza amazitcha slab serif. Mu mtundu wa zilembo wa Times New Roman timizereti ndi topyapyala, pomwe mu Arial mulibiretu.

Zilembozi zinabwera chifukwa cha malonda. Mu 1815, Vincent Figgins, yemwe ankaumba zilembo zachitsulo ku London, anatulutsa mtundu wotchedwa Antique pa nthawi yomwe amalonda ankafuna mapositala oimitsa munthu wodutsa mumsewu, ntchito yomwe zilembo zowonda za m'mabuku zinkailephera. Mu 1845 Robert Besley anatulutsa Clarendon, yomwe timizere take timalumikizana ndi thupi mokhota pang'ono, n'chifukwa chake imaoneka yofatsa. Rockwell, yomwe kampani ya Monotype inatulutsa mu 1934, ilibe kukhota kumeneko, ndipo imaoneka yolimba ndi yaukali.

Tsopano taganizirani munthu yemwe wakhala pawindo la minibasi yochokera ku Limbe, ikutsetsereka mu Masauko Chipembere Highway kulowera ku Ginnery Corner. Chikwangwani chanu achiona kwa kanthawi kochepa, padzuwa, mwinanso pafumbi. Mizere yopyapyala imasowa ikakhala patali, koma yonenepa imaonekabe, ndipo apa m'pamene zilembozi zimaposa zinzake. Zimakhala bwino pa dzina la galaja, butchala kapena sitolo ya zipangizo zomangira, pa mutu wa nkhani, komanso pa positala ya mpira. Pa khadi la ukwati, m'kuona kwathu, zimachita ngati zikukalipa.

Vuto limayamba mawu akachuluka. Zilembozi ndi zotakata, ndipo mawu athu achichewa ndi ataliatali. Mwachitsanzo, mawu akuti "timasindikizanso" akhoza kudzaza mzere wonse okha. Ambiri akaona choncho amafinya zilembo pa kompyuta kuti zikwane, zomwe zimachititsa timizere ta zilembo zoyandikana kugundana mpaka m ndi n kusasiyanitsika. Ndi bwino kuchepetsa mawu, kusiya awiri kapena atatu, ndipo nambala ya foni ndi zina zonse muzilembe ndi zilembo zopepuka. Mukachepetsa kwambiri zilembo za slab serif papepala, inki imatseka timipata ta mkati mwa a ndi e.

Mitundu ngati Alfa Slab One ndi Roboto Slab imapezeka mwaulere pa intaneti, pa tsamba la Google Fonts. Koma musanatumize ntchito kosindikiza, yambani mwalemba "Malaŵi" ndi "ng'ombe" mu mtundu womwe mwasankha, chifukwa mitundu ina ilibe ŵ, ndipo kompyuta imangoikapo kabokosi kapena chilembo cha mtundu wina chomwe chimaonekeratu kuti n'chobwereka.