Gawo 14: Sindine dokotala wa mano, Amalume

Muli bwanji nonse? Ndine uja wa ku Glasgow. Mvula sinasiye chiyambireni Lolemba, ndiye mukamamva kugogoda pawindo, ndi imeneyo.

Sabata yatha amalume anga a ku Ntcheu ananditumizira voice note pa WhatsApp: "Mphwanga, poti ndiwe dokotala wa mano, dzino lakumbuyo likundisowetsa tulo, ndimwe chiyani?" Amalume, ndikudziwa mukumvetsera. Pitani kuchipatala. Ine sindine dokotala. Kuno sungadzitche ngakhale dental technician, katswiri wopanga mano oikirira, usanalembetse ku General Dental Council, bungwe loyang'anira ntchito za mano ku UK. Ine ndimangothandizira mu labu, ndipo m'kamwa mwa munthu sindinasuzumiremo ndi kamodzi komwe.

Chimene chimandifika ndi chithunzi cha mano pakompyuta, chojambulidwa ndi sikana kwa dokotala. Anzathu amakonza maonekedwe a crown, kachipewa kovundikira dzino lowonongeka, kapena bridge, yomwe imakolekedwa pamano awiri kuti itseke gwelu. Akamaliza, mbali yanga ndi makina osema zimenezi pachitsulo.

Chitsulo chake ndi cobalt-chromium. Chimabwera chozungulira, chophwathalala, mamilimita 98 kuchoka uku kufika uku. Ukachinyamula umadabwa kulemera kwake. Pafupifupi magawo 6 mwa 10 ndi cobalt, pafupifupi kotala ndi chromium, kotsalako molybdenum kapena tungsten. Sichichita dzimbiri m'malovu, n'chotchipa kuposa golide, ndipo porcelain, dongo loyera looneka ngati dzino, amagwira bwino pamwamba pake akawotchedwa mu uvuni. Koma kuuma kwake! Makina amachisema ndi timabowolo, tizitsulo takuthwa tozungulira ta chitsulo cholimba chotchedwa carbide, uku madzi oziziritsa akuthira osalekeza, ndipo timabowoloto timatha ngati sopo.

Mwezi wanga wachiwiri ndinaika chitsulo osamanga bwino. Kabowolo kanathyoka, bridge ya mano anayi n'kuwonongeka, ntchito ya maola angapo. Abwana sanakalipe. Anangondiitanira pa microscope n'kundionetsa m'mphepete mwa crown ina. Mpata wa pakati pa chitsulo ndi dzino, iwo amati, usamakule kuposa tsitsi limodzi, apo ayi tizilombo timalowa n'kuyamba kudya dzino mobisa. Kukhala chete kwawo kunandiwawa kuposa kukalipa. Kwathu bwenzi atandizazira, tonse n'kuiwala pofika madzulo.

Pali mtundu wina wofewa womwe umasemeka popanda madzi, kenako umakaumitsidwa mu uvuni wa mpweya wa argon, n'kuchepa pang'ono. Enanso masiku ano amasungunula ufa wa chitsulocho ndi laser. Ine ndimakondabe chouma chija, mwina poti ndi chomwe chinandiliza.

Fumbi lake n'loopsa. Limawononga mapapo, ndipo ku EU kuyambira 2021 cobalt ali m'gulu la zinthu zomwe zingayambitse khansa. Popukutira sindivula masiki, ngakhale magalasi achite nthunzi.

Tsiku lina pa lanchi ndinauza mnzanga wa ku Poland kuti cobalt wambiri padziko lonse amakumbidwa ku Congo, cha ku Kolwezi, ndipo mathiraki ake amadutsa pa Kasumbalesa kulowa mu Zambia. Chromium wambiri ndi wa ku South Africa. Iye anaseka n'kuti ndiye kuti ine ndi chitsulochi tinachokera dera limodzi, kungoti icho sichinavutike ndi viza.

Amayi anga anazulitsa mano atatu. Kwathu dzino likawawa, kawirikawiri mankhwala ake ndi kulizula basi. Maphunziro a udokotala wa mano ku Malawi anayamba mu 2019 ku College of Medicine, ndi thandizo la University of Glasgow, yomwe ndimaidutsa pabasi. Ndinawafunsa amayi ngati angafune bridge ndikadzabwera pa Khirisimasi. Anati, "Chimanga chokazinga ndinasiya kale. Ndalamayo ugule feteleza."

Gawo likubwerali tikambirana za lendi. Amalume, kuchipatala mawa lomwe.