Malambe, Chidede ndi Chamwamba: Ma Antioxidant Amagwira Ntchito Yanji?

Moni nonse amene mukuonera. M'mbalemu muli peyala lomwe ndalidula pakati theka la ola lapitalo. Taonani bandu ili, layamba kale kuda. Linzakeli ndinalifinyira ndimu, ndipo likadali lobiriwira bwinobwino.

Chadetsa peyalali ndi mpweya wa okosijeni, womwe uja umadyetsa khasu dzimbiri likagona pamvula. M'thupi mwathu mumachitikanso zotere. Thupi likamasandutsa chakudya kukhala mphamvu, pamatuluka tinthu tosakhazikika totchedwa ma free radical, timene timawononga maselo tikachuluka. Utsi wa fodya komanso utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda zenera umatichulukitsa. Chateteza bandu lachiwiri lija ndi vitamini C pamodzi ndi asidi wa mu ndimu. Zinthu zotchinjiriza ngati vitamini C ameneyu ndizo ma antioxidant.

Ndipo sitikuzisowa kwathu kuno. Ufa woyera wa malambe, womwe ana amamung'unya popita kusukulu, uli ndi vitamini C wambiri kuposa lalanje mukayeza muyeso wofanana. Kufiira kwa chidede kumachokera ku ma antioxidant otchedwa anthocyanin. Masamba a chamwamba ali ndi ena otchedwa quercetin komanso beta-carotene, yemwe thupi limamusandutsa vitamini A. Tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje nayenso ali ndi zake.

Chomwe chimandimvetsa chisoni ndi momwe timazitayira mumphika. Vitamini C sagwirizana ndi moto wautali, sagwirizananso ndi soda kapena chidulo. Ndiwo zamasamba zikabwata mpaka kusanduka zakhaki, zambiri zapita. Chamwamba chiyanikeni pamthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa la phwee pamwamba pa malata.

Tsopano mvetsetsani apa. Chinthu chikaoneka champhamvu mu botolo la mu labotale, sizitanthauza kuti chichiza munthu. Ku Finland anachita kafukufuku pa amuna osuta fodya oposa 29,000, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 1994. Ena anapatsidwa mapiritsi a beta-carotene poganiza kuti awateteza ku khansa. Zinatembenuka: khansa ya m'mapapo inachuluka ndi 18 peresenti mwa amene ankamwa mapiritsiwo. Chomwe chili chabwino m'tsamba, chikachotsedwamo n'kupanikizidwa mu piritsi la mphamvu, chimatha kuvulaza.

Ndiye mukakumana ndi wogulitsa pamsika akukuuzani kuti kapaketi ka ufa wa chamwamba kamachiza shuga, BP ndi HIV nthawi imodzi, musamve zimenezo. Ndikukupemphani, musasiye ma ARV kapena mankhwala a BP omwe munalandira kuchipatala chifukwa cha ufa umenewu. Ngati ndinu oyembekezera, funsani kaye kusikelo musanamwe zitsamba zilizonse, makamaka mizu ndi makungwa.

Ine chamwamba changa ndimathira sipuni imodzi m'phala la ana likangochoka pamoto. Mu vidiyo ikubwerayi ndikuonetsani kayanikidwe ndi kasinjidwe kake, kuyambira pothyola tsamba.