Musapale nsonga ya soldering iron ndi tupa: kasamalidwe ka station yanu

[Kamera ili pa tebulo. M'dzanja muli nsonga yakuda.]

Taonani nsonga iyi ya soldering iron, chida chotentha cholumikizira mawaya ndi tizipangizo ta foni, ndiiyandikitse pa kamera. Mukukaona kadzenje aka, kokhala ngati dzino lobooka? Mwezi watha inali yatsopano. Anaiwononga ndi mnyamata wakhama ndithu amene ndikumuphunzitsa ntchito pa shopu pano, ndipo sanachite dala. Anzake okonza mafoni anamuuza kuti nsonga ikada uipale ndi tupa. Nkhani yathu lero ndi imeneyo. Muli bwanji nonse amene mukuonera? Ngati ndi koyamba kufika pa tchanelo ino, dinani subscribe tisanapite patali.

Tiyambe ndi zing'onozing'ono, mwachangu.

Choyamba, magetsi. Kuno ku Malawi ndi 230V. Achibale akakutumizirani station, makina amene amatenthetsa soldering iron pa madigiri amene mwasankha, kuchokera ku America, werengani kumbuyo kwake musanalumikize, chifukwa zambiri za kumeneko ndi za 120V ndipo zimapsa pomwepo. Pulagi ikhale ya mano atatu. Dzino lachitatu lija ndi earth, limachotsa magetsi obisika amene amapha ma IC, tizipangizo tating'ono toyendetsa foni. Musalidule.

Chachiwiri, kutentha. Solder ndi chitsulo chofewa chimene timasungunula polumikiza. Wa 63/37, wosakaniza tini ndi mtovu, amasungunuka pa madigiri 183 a Celsius. Wopanda mtovu, amene ali m'mafoni ambiri kuchokera pamene mayiko a ku Ulaya anayamba kutsatira lamulo la RoHS, lochepetsa mtovu m'zipangizo zamagetsi, mu 2006, amasungunuka cha pa 217 mpaka 220. Ine ndimaika 320 mpaka 340 pa wa mtovu, 350 mpaka 370 pa winayo. Station ya Hakko FX-888D imafika 480, koma kufikako sikutanthauza kuti muzikhala kumeneko. Solder akakana kusungunuka pa ground, malo aakulu a kopa pa bolodi ya foni, sinthani nsonga, ikani yophwatalala, thirani flux, mankhwala othandiza solder kugwira. Nsonga yosongoka ngati kasingano imanyamula kutentha kochepa.

Tsopano chachitatu, ndipo apa ndikhalitsapo, chifukwa nkhaniyi imandiwawa.

[Akuonetsa nsonga yodulidwa pakati.]

Iyi ndinaidula dala kuti muone mkati. Chofiirachi ndi kopa. Kopa amanyamula kutentha mofulumira, n'chifukwa chake anamuika pakati. Koma ali ndi vuto lake: tini wosungunuka amamudya, ngati mmene mchere umasungunukira m'madzi. Ndiye opanga anamukuta ndi kachikopa kachitsulo kopyapyala kwambiri. Kachikopa kameneko ndi kamene kamakhudza solder. Kumtundaku, komwe solder sagwira, anakutako chrome. Moyo wonse wa nsonga uli pa kachikopa kachitsulo kaja.

Ndiye inu mwatenga tupa, mwapala kawiri katatu. Nsonga yawala mbee! Mwaika solder, wagwira bwino, mtima wakhala pansi. Ndikuvomera, tsiku limenelo imagwiradi ntchito, ndipo bodzali lafala chifukwa cha tsiku limeneli. Koma chimene chawalacho ndi kopa wosavala. Solder aliyense amene mukusungunula akunyamulako kopa pang'ono. Pakapita masiku nsonga ija yakumbika, mukupalanso, ikufupika, mpaka yafika ngati iyi ndakuonetsani poyamba. Sandipepa ndi chimodzimodzi. Mpeni, lezala, kukhutiza pa simenti, zonsezi ndi njira imodzi.

Wina alemba mu ndemanga kuti, "Koma madala amene anandiphunzitsa ankapala." Ndikudziwa, ndipo madalawo sanalakwitse. Amisiri okhoma ndowa ndi zitini, amene amatenthetsa chida chawo pa mbaula, nsonga yawo ndi chibuma cha kopa yekhayekha, chopanda chokutira chilichonse. Chimenecho chikakumbika umachisalaza ndi tupa n'kuchipakanso solder, ndipo ndi ntchito yolondola. Ife tinatengera mwambo wa chida chija n'kuubweretsa pa chida china. Nsonga za 900M za ma station a mtundu wa 936 amene adzaza m'mashopu, za T12, za JBC C210 ndi C245, zonsezo ndi zokutidwa. Pa T12 ndi JBC ndiye zimapweteka kwambiri, chifukwa chotenthetsera ndi sensa zili mkati mwa nsonga momwemo. Mukaitaya mwataya zonse, ndipo mtengo wake mukuudziwa.

Nanga kuda kuja n'chiyani? Ndi chitsulo chimene chapsa ndi mpweya. Chitsulo chotentha chikakhala pamtunda chopanda solder chimachita ngati dzimbiri, ndipo kutentha kukakwera kuda kumafulumira. Mwasiya station pa 450, mwapita kukalankhula ndi kasitomala, pobwera yada bii, solder akungogubuduka ngati dontho la madzi pa tsamba la koko.

Kuichiza kwake ndi uku, yang'anitsitsani. Ndatsitsa pa 300. Ndikuibaya mu waya wa brass uyu kangapo, mofewa. Brass ndi wofewa kuposa chitsulo, sakanda. Chonde, osatenga sitiliwulu wotsukira mapoto kukhitchini. Tsopano ndikudyetsa solder wokhala ndi flux mkati, wambiri, mpaka adonthe. Ndapukuta, ndadyetsanso. Mwaona mbali iyi yayamba kuwala? Ikakanika, pali kachitini aka ka tip tinner: mumaviikamo nsonga yotentha kwa masekondi ochepa, kenako n'kupukuta. Osachita tsiku lililonse, mankhwala ake ndi amphamvu. Nsonga ikabooka kale, palibe mankhwala, gulani ina.

Ndisanaiwale, amene mukufuna kuphunzira kukonza mafoni pamaso ndi pamaso, kalasi yathu ya Loweruka ikadali ndi malo. Zonse ndalemba pansi pa vidiyoyi. Ndipo ngati pali mnzanu amene amasunga tupa pa tebulo, mutumizireni vidiyoyi lero.

Chachinayi, siponji. Ikhale yonyowa pang'ono, yofinya, osati yodontha madzi. Madzi ambiri amaziziritsa nsonga mwadzidzidzi, ndipo kachikopa kaja kakhoza kung'aluka.

Chachisanu, pomaliza ntchito. Ambiri amapukuta nsonga kuti iyere kenako n'kuzimitsa. Ayi. Pukutani, ikani solder watsopano pansonga, ndiye muzimitse ili chivalire. Mawa mukayatsa, pukutani solder wakaleyo, mupeza pansi pake pakuwala. Magetsi akazima mwadzidzidzi, thamangitsani solder pansonga isanazizire, kenako zimitsani switch kuti akabwera station isayake yokha inu mulibe. Ngati yanu ili ndi sleep, yotsitsa kutentha mukakhala simukuigwiritsa ntchito, iyatseni.

Chachisanu ndi chimodzi, thupi lanu. Utsi umene umakwera uja ndi wa flux, ndipo umayambitsa chifuwa cha mphumu kwa ena. Tsegulani windo, ikani kafani kakokere utsi kumbali. Mtovu umatsalira m'zala, ndipo ife nsima timadya ndi manja. Sambani ndi sopo musanakhudze mbale, ndipo ana asaseweretse zidutswa za solder zogwera pansi.

Sabata yamawa tisintha pochajira pa USB-C pogwiritsa ntchito hot air, makina ouzira mpweya wotentha, osasungunula pulasitiki ya mkati. Lembani mu ndemanga station imene muli nayo ndi madigiri amene mumaika, ndiziwerenga zonse.