Miyeso ya Likasa ndi Dzanja la Bezaleli

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Mawu athu a m'mawa uno akuchokera pa Eksodo 31:1-5.

Mulungu wathu sakondwera ndi chisokonezo. Polamula Mose kuti amange chihema m'chipululu, anamupatsa miyeso yeniyeni, kuti likasa likhale mikono iwiri ndi theka m'litali mwake ndiponso mkono umodzi ndi theka m'lifupi mwake. Choncho mtima umene tili nawo wofuna kuti chilichonse chikhale pamalo pake, kuti kwaya iime mwadongosolo ndiponso kuti mapemphero ayambe pa nthawi yake, si woipa ayi. Paulo nayenso analangiza Akorinto kuti zonse zizichitika moyenera ndi molongosoka.

Komatu Mulungu yemweyo sanalekere pa miyeso. Anaitana Bezaleli, mwana wa Uri wa fuko la Yuda, n'kumudzaza ndi Mzimu wake kuti alingalire ntchito zaluso za golide, siliva ndi mkuwa, azokote miyala ndi kusema mitengo. Malemba amatiuza kuti akerubi awiri a pa chivundikiro cha likasalo anali oyang'anizana atatambasula mapiko awo, koma sakutifotokozera mmene nkhope zawo zinkaonekera, ndipo ine ndimaona kuti pamenepo m'pamene dzanja la mmisiri linapatsidwa ufulu.

Pamene timapunthwa ndi pakuti zokonda zathu timazisandutsa lamulo la Mulungu. Amene anakula akuimba nyimbo za m'buku amamva ngati ng'oma ndi nthungululu zikuchotsa ulemu m'kachisi, pamene wachinyamata woimba kiyibodi amati nyimbo zakale n'zogonetsa tulo, ndipo aliyense amaganiza kuti khutu lake ndilo muyeso wa kumwamba. Ku Mua, m'boma la Dedza, komwe Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zaluso a KuNgoni mu 1976, amisiri amasema Yesu ndi Mariya ali ndi nkhope za anthu akuda. Munthu wozolowera zithunzi za ku Ulaya akhoza kunena kuti ameneyu si Yesu, chikhalirecho wosemayo anaika chikhulupiriro chake chonse pa mtengowo, mpaka matuza m'manja.

Kumbukirani Mikala, mwana wa Sauli, amene anali mkazi wa mfumu Davide. Davide akuvina ndi mphamvu zake zonse patsogolo pa likasa lomweli, iye anasuzumira pawindo n'kumunyoza mumtima mwake chifukwa kavinidweko sikankagwirizana ndi ulemu umene iye ankayembekezera kwa mfumu. Zimandikhudza kwambiri kuti tsiku limene Aisiraeli ankasangalala pamaso pa Mulungu, mayi ameneyu analithera pawindo akuyesa mwamuna wake.

Tipemphere. Atate, mutithandize kusamalira nyumba yanu mwadongosolo, ndipo Lamulungu likubwerali, wina akadzaimirira kuti akuimbireni m'njira imene sitinaizolowere, mudzatseke pakamwa pathu podzudzula kuti timve zimene akukuuzani. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.