Mawu oti diarrhoea, amene amalembedwa m'buku la kuchipatala, anachokera kuti?

(Chithunzi: amayi ali pamzere wa sikelo ku Kasungu, wina akutsegula buku la mwana)

Muli bwanji nonse? Lero tili pa Kasungu boma. Mwafika ndi mwana kuchipatala, mwawauza adokotala kuti akutsegula m'mimba, iwo n'kulemba m'buku: diarrhoea. Ambiri timangoti ndi Chingerezi, koma nawonso Angerezi anachita kubwereka.

(Mawu awiri aoneke: DIA, RHEIN)

Eni ake ndi Agiriki. Dia ndiye kuti kudutsa. Rhein ndi kuyenda kwa madzi, mmene amayendera Bua m'dzinja. Mukawaphatikiza, ndiye madzi oyenda mongodutsa, osaima. Mawuwa ali kale m'mabuku otchedwa ndi dzina la Hippocrates, sing'anga wa pachilumba cha Kos amene anabadwa cha m'ma 460 Yesu asanabadwe. Analowa m'Chilatini, kenako m'Chingerezi. Aku America amachotsamo "o", ife timatsata kalembedwe ka ku Britain. Dia yemweyu alinso mu diabetes, matenda a shuga, chifukwa wodwala amakodza pafupipafupi ngati madzi akungomudutsa.

Tsono mvetserani apa. Ife timati kutsegula, ndiye maganizo amathamangira kutseka. Ndamvapo anthu akulangizana kuti mwana asamwe kanthu kuti m'mimba muume, ndipo zimandiwawa mtima. Agiriki aja anayang'ana chimene chikutayika: madzi, pamodzi ndi mchere wa m'thupi. Chimene chimapha mwana n'chimenechi. Maso kulowa, liwombo kulowa, pakamwa gwa, kukodza pang'ono, ndiye kuti thupi likuuma.

(Chithunzi: paketi ya Thanzi ORS ndi botolo la lita imodzi)

Bungwe la WHO limati ndi diarrhoea munthu akachita chimbudzi chamadzi katatu kapena kuposa pa tsiku. Mwana woyamwa amachita chofewa kangapo mwachibadwa, zimenezo si matenda ayi. Koma akayambadi kutsegula, sungunulani paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini, muzimumwetsa pang'onopang'ono. Akasanza, dikirani mphindi 10 n'kuyambiranso. Bere lisaleke, phala lisaleke. Mapiritsi a zinc amwe masiku 10 mpaka 14, ngakhale aoneke kuti wachira. Katemera wa rota, woteteza ana ku kachilombo kamene kamayambitsa kutsegula m'mimba, amene anayamba kuperekedwa m'Malawi muno mu 2012, ndi wa kusikelo komweko.

Mukaona magazi m'chimbudzi, dzina lasintha. Ameneyo ndi kamwazi, m'buku alemba dysentery, mawunso a Chigiriki: dys, kuipa, ndi enteron, matumbo. Kamwazi, chimbudzi choyera ngati madzi otsukira mpunga chimene chimaoneka pa kolera, kapena mwana wokana kuyamwa ndi kumwa, musagone naye. Kaya muli ku Santhe, ku Chulu kapena ku Wimbe, nyamukani tsiku lomwelo, botolo la Thanzi lili m'manja, muzimumwetsa m'njira.