Mayeso ayandikira, bwana wandiponya pa shifiti ya usiku

Moni nonse amene mukumvera, anzanga a kuno ku Indiana ndi abale a kwathu ku Mangochi, pa boma pomwepo, ku Namwera, ku Malindi ndi ku Makawa. Ndikulankhula ndili m'galimoto, panja pa nyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito. Mtima uli m'mwamba, sindingayendetse ndisanatulutse zimenezi.

Bwana wathu ndinamuuza kalekale kuti sabata ya mayeso anga a NCLEX-PN, mayeso opezera laisensi ya unamwino kuno ku America, andipatse mpata. Anavomera uku akumwetulira. Lero ndikuyang'ana ndandanda pakhoma, dzina langa lili pa shifiti ya usiku, tsiku loti kukacha ndikalembe mayeso. Kumufunsa, akuti antchito achepa, ndingosintha tsikulo. Ndisinthe? Kalata ya ATT, yokulolani kukalemba mayeso, ili ndi tsiku lothera ndipo saonjezera. Ikatha musanalembe, madola 200 olembetsera mayeso apita, mulipirenso. Iye akudziwa zonsezi. Akudziwanso kuti ndikakhoza ndikhala LPN, namwino wa laisensi, malipiro a CNA, wothandizira anamwino ngati ine pano, atha, ndipo ndikhoza kumusiya. Ndamuuza maso ndi maso kuti usiku umenewo sindibwera.

Akwathu, mukamva kuti mayeso musaganize za MSCE, cholembera ndi pepala. Mukafika ku Pearson VUE, malo olembera mayesowa, amakujambulani chikhatho, foni mumatsekera m'kabati, kenako inu ndi kompyuta basi. Mukakhoza funso, imakupatsani lovutirapo. Mukalakwa, imatsitsako. Kubwerera m'mbuyo kulibe. Mafunso sachepera 85, akhoza kufika 150, nthawi ndi maola asanu. Chiyambire April 2023 anaonjezamo nkhani za odwala: amakupatsani failo, zimene namwino walemba, zotsatira za magazi, n'kukufunsani kuti chasintha n'chiyani ndipo muyambira pati. Munthu wosagona usiku wonse angaganize zimenezo?

Chimene chimandilimbitsa mtima n'choti odwala sindinawadziwire kuno. Mayi anga atagonekedwa m'chipatala kwathu, gadiyani ndinali ine. Kugona pansi pa bedi, kuphika phala pamafuwa kunja, kuwatembenuza kuti asatuluke zilonda. Amayi a pabedi loyandikana akayamba kupuma mobanika, ndinkathamangira anesi ndisanauzidwe ndi munthu. Ndiye funso likati odwala anayi, muyamba kuona uti, ine ndimadziwa kuti wobanikayo ndiye woyamba, wa ululu wa bondo adikire. Zimene zikundidyera nthawi ndi zina: kutentha thupi kuno amayeza mu Fahrenheit, 37 yathu ija ndi 98.6, kulemera ndi mapaundi, mugawe ndi 2.2 kuti mupeze makilo musanawerengere mankhwala. Palinso malire a udindo. Ichi LPN achite yekha, ichi akauze RN, namwino wamkulu kwa iye, ichi atume CNA. Kwathu namwino mmodzi amasenza wodi yonse, kuno mukadumpha malire mwalakwa funso, ngakhale dzanja lanu likuidziwa ntchitoyo.

Tsono anzanga a ma double shift, ndimvereni. Ovataimu ndi yokoma, ndikudziwa. Koma alipo pakati pathu amene anamaliza sukulu zaka zapitazo, mpaka lero akuti ndilemba mwezi wamawa. Bwana sadzakuuzani kuti pumani mukawerenge. Akamakutchulani wolimbikira, dziwani kuti msana wanu ndi umene akuyamikira. Msodzi amene amangokhalira panyanja osapeza tsiku losoka ukonde, mapeto ake amakoka madzi okhaokha. Kanani shifiti imodzi pa sabata, yankhani mafunso tsiku lililonse, ndipo muziwerenga chifukwa chake yankho lili lolondola, osangoloweza. Mukalephera mudikira masiku 45 ndi kulipiranso, ndiye ovataimu ija yapindula chiyani?

Achimwene ku Namwera, uthenga wanu wa pa WhatsApp ndaumva. Malata a nyumba ya amayi sindinaiwale, ndipo mvula ndikuiwerengera ngati inu nomwe. Mwezi uno ndituma zochepa, mundimvetse. Muwauze amayi azindipempherera. Ndawasowa, ndasowanso chambo chowamba chenicheni, osati nsomba zozizira za m'sitolo muno.

Amene mukukonzekera mayeso omwewa, Lamlungu madzulo tikumana pa Zoom, tiyamba ndi mankhwala a shuga ndi a mtima. Bwerani ndi mafunso amene akukuvutani. Ine ndiyambe ulendo, ndikagoneko pang'ono.