Mawu a M'mawa: Diso ndi Dzanja

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Lero tiwerenge 1 Akorinto 12:21, pomwe Paulo akuti diso silingauze dzanja kuti silikulifuna.

Vesi limeneli limandikumbutsa Andrea Bocelli, woyimba tenala wa ku Italy uja. Anabadwa mu 1958 ku Lajatico, kamudzi ka m'chigawo cha Tuscany. Maso ake ankavuta chibadwire, ndiye ali ndi zaka 12 anavulala pomenya mpira, kuona n'kuthera pomwepo. Pano dzina lake lamveka dziko lonse. Koma mukamaonera makonsati ake, penyetsetsani mmene amalowera papulatifomu. Amabwera atagwira mkono wa munthu wina, amene amamufikitsa pamalo oyimirira. Anthu miyandamiyanda ali m'manja phwaphwaphwa, koma popanda mkono uja mwini ulemerero sangadziwe pamene pali sitepe.

Mu 2016 bungwe lake lothandiza anthu linayambitsa kwaya ya ana 60, Voices of Haiti. Anawo anachokera m'madera osaukitsitsa a Port-au-Prince, likulu la dziko la Haiti, mzinda umene chivomezi cha pa 12 January 2010 chinausiya mabwinja. Mu 2016 momwemo anayimba naye ku New York, ndipo mu 2017 anafika mpaka kwawo kwa Bocelli ku Lajatico. Tangoganizirani: bambo amene mawu ake okha amadzaza bwalo, waima pakati pa tiana tomwe sitinaphunzire kusukulu zotchuka za nyimbo. Dzanja la wotsogolera nyimbo saliona. Chimene ali nacho ndi khutu basi. Ayenera kumvetsera pamene ena akupumira, pamene akulowera, n'kudikira nthawi yake ngati wina aliyense.

Ineyo khutu limeneli ndinachedwa nalo. Mulungu anandipatsa mawu okwera, ndipo kukwaya ya pampingo pathu ndinkawatulutsa onse osasiyako. Ndinkati ndikutumikira, komatu pansi pamtima ndinkafuna amayi a kubenchi yakumbuyo adziwe kuti ndabwera. Tsiku lina pa pulakatisi aphunzitsi a kwaya anaimitsa nyimbo pakati, n'kundiyang'ana mofatsa. "Achimwene, ngati simukumumva mnzanu amene waima pambali panu, ndiye kuti mwakweza mopitirira." Kunena zoona ndinakhumudwa. Sabata yonse ndinkangodziuza kuti ndi nsanje imeneyo.

Lamulungu lotsatira ndinatsitsa mawu, osati modzichepetsa ayi, koma mokwiya, kuti aone mmene nyimbo izizirire popanda ine. Sinazizire. M'malo mwake ndinamva alito ikuchokera kumbuyo kwanga, yosalala ngati madzi a pachitsime. Anali mayi wina wachikulire amene ndinali nditayimba naye zaka zingapo, koma mawu ake ndinali ndisanawamvepo n'kamodzi komwe. Titaweruka ndinapita kukawapatsa moni, ndipo manyazi anandigwira, chifukwa ngakhale dzina lawo ndinachita kufunsa.

Tsiku labwino nonse, Ambuye akusungeni.